Kwa Wezi, pa Funso Limene Unayankha Kuti Ayi

Lundazi,
Lachinayi madzulo.

Wezi mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde dzuwa likadalipo, iwe uli m'nyumba ndi amayi ako mukukangana ngati bulangete lachiwili lilowe m'chikwama kapena litsale. Tili nyumba imodzi koma ndikukulembela kalata. Ukundidziwa. Ndikati ndikambe nkhani yolemela ndimayamba ndi mitengo ya feteleza, ndipo ndikamafika pa nkhani yeniyeniyo tiyi wazizila, aliyense wanyamuka.

Dzulo unandipatsa mapepala a ku koleji kuti ndisaine pa malo a kholo. Atatu ndinasaina osawelenga. Pepala lachinayi linali fomu ya zaumoyo, ndipo ndinaiwelenga kokha chifukwa cholembela chinakana kutulutsa inki, maso anga n'kugwela pa pepalapo. Pali funso lakuti kodi uli ndi matenda okhalitsa monga shuga, mphumu kapena khunyu. Unachonga kuti ayi. Sindinasaine. Ndinaiika m'buku langa.

Sindinakwiye, Wezi. Koma mawa ukwela basi ya ku Lusaka, kenaka Ndola, kukayamba maphunzilo a udokotala, kumene kulibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akudziwa tanthauzo lake chala chachikulu cha dzanja lako lamanzele chikayamba kugwedezeka chokha. Ukakagwa kumeneko pakati pa anthu osadziwa, ukhoza kuvulala, mwinanso koposa kuvulala. Ayi ameneyo ndinakuphunzitsa ndine. Choncho ndilole ndikufotokozele zolakwa zanga, zina ukuzidziwa, zina sindinakuuzepo.

Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinapita kumudzi ku Mphamba kukathandiza mlongo wanga, ankhazi ako, kuthothola nshawa, mtedza uja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana, ndipo iwe unakweza dzanja ukuseka n'kunena kuti, "Adada, onani chala changa chikuvina." Nanenso ndinaseka. Kenaka zala zonse zinayamba, tsaya linatsatila, maso anatembenuka, ndipo unagwela pa mulu wa nshawa thupi lonse likugwedezeka. Pa nthawiyo ndinali nditagwila ntchito yoyang'anila ziweto zaka khumi ndi zisanu. Ukudziwa mmene timayezela nkhumba yamoyo kumidzi: amuna awili amaigwetsa, wina amapingasa mtengo m'kamwa mwake, ine ndimakoka lilime ndi kansalu n'kupapasa kunsi kwake kufuna masese, timatuza toyela tija tokhala ngati njele za mpunga. Tsiku limenelo mutu wanga unaima, manja n'kuchita zimene anazolowela. Ndinatola kamtengo, ndinakutsegula kukamwa mwamphamvu n'kukapingasa, poganiza kuti umeza lilime. Dzino lako lakutsogolo lobenthuka lija, limene umauza anzako kuti unagwa pa njinga, ndinabenthula ndine.

Patapita zaka unandiphunzitsa iwe wemwe kuti munthu sameza lilime lake. Unati wogwa amafuna zinthu zochepa: kumuchotsela zimene zingamuvulaze, kumuikila chofewa kumutu, kumugoneka cham'mbali kuti malovu atuluke, kuyang'ana wotchi, ndi kuthamangila naye kuchipatala zikapitilila mphindi zisanu. Osamupanikiza, osamuika kanthu m'kamwa, osamumwetsa madzi asanatsitsimuke. Ine ndinali ndi digili ya ku yunivesite ndipo ndinali kukukonda, koma ndinakuthyola dzino. Mtsikana amene ukagone naye chipinda chimodzi adzangokhala ndi mantha, ndi supuni pafupi. Usadzinamize kuti popeza nayenso akuphunzila udokotala adzadziwa chochita. Chaka choyamba adzakhala akudziwa zimene anamva kwa agogo ake, monga ine. Muuze tsiku loyamba, musanagawane n'komwe mashelefu.

Cholakwa chachiwili ndinachichita tsiku lomwelo, iwe usanatsitsimuke bwino. Anthu anali atasonkhana, koma ataima patali chifukwa cha thovu la pakamwa pako. Ndinawayang'ana n'kunena mokweza kuti, "Ndi malungo, akwela kumutu." Ndili mwana kumudzi komweko kunali mayi wina wodwala matenda akugwa. Ankadyela m'mbale yakeyake, ndipo tsiku lina anagwela pamoto anthu akuonelela, poopa kuti akamugwila atengela. Anakhala ndi mkono wopinimbila mpaka imfa yake, ndipo sanakwatiwe. Pansi pa mango paja ndinamuona mayi ameneyo m'maganizo mwanga. Zitachitikanso kawili, a chipatala cha kuboma n'kutchula dzina la khunyu, ndinauza amayi ako kuti nkhaniyi isatuluke m'nyumba.

"Nanga akakagwa kusukulu?" anandifunsa.

"Tidzati malungo."

"Malungo chaka chonse, bambo a Wezi? Udzudzu umenewo ukudziwa mwana wathu yekha?"

Sindinawamvele. Mwezi uliwonse ndinkatsanulila mapilitsi ako m'kabotolo ka mavitamini, kapepala ka dzina la mankhwala n'kukaotcha. Tsiku lina unandipeza ndikuchita zimenezo. Unali ndi zaka khumi ndi ziwili. Unayang'ana kwa nthawi ndithu, kenaka unafunsa mwaulemu kuti, "Adada, ndikadzakomoka kutali ndi kwathu, madokotala adzadziwa bwanji zimene ndimamwa?" Ndinakuuza kuti ukatsuke mbale. Koma funsolo linali la munthu woganiza bwino kuposa ine, ndipo ndi funso lomwelo limene ndikukubwezela lelo. Mankhwala ako akhale m'paketi mwake, dzina likuoneka. Khala ndi kapepala m'chikwama cha m'manja kolembedwa dzina la matenda, dzina la mankhwala ndi nambala ya amayi ako.

Chachitatu ndicho chimandilemela kwambili ndikaona mkono wako. Unatha chaka chathunthu osagwa. Mapilitsi ankakupatsa tulo m'kalasi, ndipo pa mayeso unatsika kuchoka pa nambala wani kufika pa nambala folo. Ndinadziuza kuti za mankhwala ndimazidziwa, si ine ndimabaya ng'ombe tsiku ndi tsiku? Ndinayamba kukupatsa theka, kenaka ndinaleka, osafunsa munthu aliyense. Amayi ako ndinawauza kuti a chipatala avomeleza. Patapita milungu itatu, m'mawa wina wozizila wa mu Juni, unali kuotha mbaula uli m'yunifomu, ndipo unagwa mkono uli pa makala. Amayi ako ndiwo anakukoka. Kuchipatala, mkulu amene amatipatsa mankhwala uja ananditengela pambali. Sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo Mtonga, mlimi akasiyila ng'ombe jakisoni pakati chifukwa yayamba kudya, inu mumamuuza chiyani?" Ndinayang'ana pansi.

Wezi, tsopano watha zaka zinayi osagwa, ndipo tsiku lina udzamva ngati unachila. Udzakhala ukuwelenga mabuku akuluakulu a mankhwala, ndipo mtima udzakuuza zimene wanga unandiuza ine, kuti ukudziwa. Mwina tsiku lidzafika limene dokotala wako adzati muyambe kuchepetsa. Limenelo likhale tsiku la iye ndi iwe muli m'chipinda chimodzi, osati la iwe wekha usiku wa mayeso usanafike. Usadumphe pilitsi. Usadikile paketi ithe kuti ukatenge ina. Ukafika ku Ndola, mlungu woyamba womwewo upeze kumene uzikatengela mankhwala.

Tsopano ndikambe za chimene ndimakumbuka ndikafuna kusangalala. Mkono uli m'mabandeji unayamba kalembela wako m'kabuku ka masamu. Nthawi iliyonse ukagwa unkalemba tsiku, mmene unagonela dzulo lake, ndi zimene ukukumbuka, kenaka unkafunsa amayi ako zimene anaona. Unali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene unandiuza kuti, "Adada, Loweluka mukandigulile mutu wa mbuzi ku msika, koma muwauze asauswe." Amayi ako anafunsa ngati zimenezo ndi ndiwo kapena sukulu, iwe n'kuti, "Zonse ziwili, Amama, koma sukulu iyambe." Ndinacheka chigaza ndi sowo pa tebulo ili ndikulembelapoli, iwe uli ndi buku la sayansi lobweleka, utaika mwala pa tsamba kuti mphepo isatembenuze.

Ubongo wa mbuzi ndinauphunzila ku yunivesite, ndinalembapo mayeso n'kukhoza. Koma tsiku limenelo ndinauona koyamba. Unandionetsa gawo lalikulu la makwinya, logawika pakati kukhala mbali ya kumanja ndi ya kumanzele, n'kunena kuti mwa munthu m'menemo ndimo muli kuganiza, kukamba, kuona ndi kuyendetsa ziwalo. Unatembenuza n'kundionetsa kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kamizelemizele, kamene kamathandiza munthu kuyenda osadzandila. Kenaka tsinde, limene limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima ngakhale munthu ali m'tulo, ndi chingwe choyela chochoka pamenepo kutsikila m'fupa la msana, kumene minyewa imatulukila kupita m'manja ndi m'miyendo. Unati zonsezi ndi timaselo tambilimbili totumizilana uthenga ndi timagetsi tating'ono, kalikonse pa nthawi yake. Khunyu ndi pamene kagulu ka timaselo tayamba kuwombela pamodzi mosalekeza, n'kuyatsa oyandikana nawo, monga moto woyambila pa ngodya ya munda.

Ndiye unatsegula kabuku kako. Unati chinthu chimodzi chinkakuzunguza: n'chifukwa chiyani zikayamba pa chala chachikulu zimalumphila ku tsaya zisanafike pa phewa? Pathupi chala ndi tsaya zili kutali. Koma m'buku unapeza chithunzi cha kamzele kotsika kuchokela pamwamba pa ubongo kulowela kukhutu, kamene ziwalo zonse zili ndi malo ake motsatana, ndipo pamenepo chala chachikulu ndi nkhope n'zoyandikana. Unawelenganso kuti minyewa imapingasana m'tsinde muja, kotelo kuti mbali ya kumanja ya ubongo ndiyo imayendetsa dzanja lamanzele. Unapukuta m'manja, unaika chala pamutu pako, pakati pa khutu lamanja ndi paliwombo, n'kunena kuti, "Ngati nthawi zonse zimayambila malo amodzi, ndiye kuti pali chinthu pamalopo. Chili apa, Adada."

Ukukumbuka zimene ndinayankha? Ndinati usadzipange dokotala. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha kuti ukunena zoona, kuti m'mutu mwako muli chotupa. Unapempha kuti tipite ku Lusaka akakuunike ndi makina, ine ndinazengeleza miyezi yambili chifukwa choopa yankho. Amayi ako ndiwo anakatenga kalata yotitumiza, n'kuiika pa mbale yanga m'malo mwa chakudya. Mwana wanga, ukaopa yankho, pita msanga ukalimve. Miyezi ija sinachepetse kanthu m'mutu mwako, inangondikalambitsa ine.

Ku Lusaka tinapeza dokotala wa minyewa, mayi wamfupi wa magalasi. Anaika chithunzi cha ubongo wako pa kompyuta, ndipo panali kadontho kamodzi koyela, kochepa ngati njele ya mapila. Ine mofulumila ndinati, "Koma kali kumanzele," ndipo ndikuvomela kuti mumtima ndinamvako bwino kuti mwana walakwitsa. Iwe unati, "Pa zithunzi izi mbali zimatembenuka, Adada. Uko ndi kumanja." Dokotala anavula magalasi n'kukuyang'ana. Anawelenga kabuku kako tsamba ndi tsamba, n'kufunsa amene anakuphunzitsa kupeza malowo. Unati mutu wa mbuzi. Anaseka mpaka anagwila tebulo, kenaka anati, "Iwe, ukamaliza sukulu ubwele udzatithandize, tilipo ochepa." Kuyambila pamenepo anakamba ndi iwe, osati ndi ine. Ukadzakhala dokotala uzichita chimodzimodzi: uziyang'ana wodwalayo, ngakhale ali mwana, ngakhale bambo wake wavala tayi.

Anatiuza kuti si chotupa. Anati ndi kamphutsi ka njoka ya m'mimba yochokela ku nkhumba, kamene kanakafika mu ubongo, kanafa kalekale n'kuuma ngati kamwala, koma malo amene kanatsala ndiwo amayambitsa moto uja. Kenaka anandifunsa ntchito yanga. Wezi, sindinafunepo kunama ngati tsiku limenelo. Ulendo wonse wa kachilomboko ndinaujambulapo pa mayeso: munthu adya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino, m'mimba mwake mumela njoka yaitali ngati lamba, mazila ake atuluka ndi chimbudzi, ndipo wina akawameza kudzela m'manja, m'madzi kapena m'ndiwo zosatsuka, masese aja amamela m'thupi mwake, ngakhale mu ubongo. Zaka zonsezo ndinali kufuna masese kunsi kwa malilime a nkhumba, osaganizapo ngakhale kamodzi za mwana wanga amene anali kugwa m'nyumba mwanga. Titabwelela anatiyeza tonse a m'nyumba, ndipo njokayo inapezeka mwa ine. Ogulitsa nyama amakonda kupatsa woyeza kanyama kootcha akamaliza ntchito, ndipo ine sindinkakana, ngakhale m'kati muli mofiilila, ngakhale sindinaone nkhumba imene kachokela.

Ndinakuuza zimenezi pakhonde pano, ndikuyembekeza kuti udzandida. Koma iwe unati, "Adada, ndamwa madzi a zitsime zingati? Ndadya mango angati otola pansi? Palibe makina amene angatiuze kuti dzilalo linachokela kwa ndani. Imwani mankhwala anu." Utaima pakhomo unatembenuka n'kuwonjeza kuti, "Ndipo muzisamba m'manja ndi sopo, ndizikuonani." Mpaka lelo sindidziwa ngati unakhulupilila zimene unanenazo kapena unangondimvela chisoni. Ine ndimaganizabe kuti ndine. Koma ndinaphunzila kuti munthu akhoza kudziwa chinthu pa pepala n'kusachidziwa kunyumba kwake. Iwe ulibe vuto limenelo. Zimene umawelenga umazifunafuna pathupi pako, pa anthu amene uli nawo, pa mbuzi ya ndiwo. Usadzataye khalidwe limenelo akadzakuveka chovala choyela.

Ndiye n'chifukwa chake ayi wa pa fomu uja wandisowetsa mtendele. Sakufanana nawe.

Ndayesa kuganiza zimene ungataye ukachonga inde, chifukwa si bwino ndikulangize ngati kuti palibe. Mwina wina mu ofesi adzakuyang'ana kawili. Mwina mnzako wa m'chipinda adzasuntha kapu yake. Mwina mnyamata wina amene akanakufunsila adzabwelela m'mbuyo. Malamulo onse a koleji sindiwadziwa, ndipo sindingakulonjeze kuti aliyense adzakhala wachilungamo. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndili ndi ufulu wokuuza kuti ulimbe mtima, ine amene ndinabisala zaka zisanu ndi zinayi. Koma lelo m'mawa ndinapita kwa mkulu wa kuchipatala uja, ndipo wakulembela kalata yofotokoza matenda ako, mankhwala ako, ndi zaka zimene watha osagwa. Anati fomu yoteloyo amaifunsila kuti adziwe mokuthandizila, ndipo choopsa kwambili n'kudzapezeka pambuyo pake kuti unabisa. Anatinso ndikuuze kuti kabuku kako ka masamu amakatchulabe akamaphunzitsa makolo ena.

Zing'onozing'ono izi uzikumbuke, ngakhale ndikudziwa kuti unandiphunzitsa ndiwe. Mabedi akakhala osanjikiza, tenga la pansi, ndipo unene chifukwa chake. Posamba usakhome chitseko ndi loko. Usaphike wekha pa moto uli wotopa. Anzako adzachezela kuwelenga mpaka m'mawa mayeso akayandikila, iwe ugone, chifukwa kabuku kako komwe kanaonetsa kuti kusagona ndiko kunkakugwetsa kawilikawili. Mowa ukudziwa kale. Dokotala aliyense amene akupatse mankhwala ena umuuze zimene ukumwa. Za ukwati ndi mimba amayi ako akamba nawe bwino kuposa ine, koma nanenso ndinene kamodzi: zimenezo uzikambilane ndi dokotala nthawi isanafike, ndipo mwamuna amene adzakufune adzamve kwa iwe, osati kwa anthu. Chala chikayamba, khala pansi pomwepo, kaya ndi m'kalasi kaya ndi pamaso pa aphunzitsi akulu, n'kuuza amene ali pafupi. Uli ndi mwayi umene ena alibe, thupi lako limakuchenjeza. Usauwononge mwayiwo ndi manyazi anga.

Nditachoka kuchipatala sindinabwele kunyumba. Ndinaona kuti sindingakupemphe chinthu chimene ine sindinachitepo, choncho ndinakwela njinga yamoto kupita ku Mphamba. Ankhazi ako ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Titapatsana monile, ndinakhala pa chitsa n'kunena zonse mwakamodzi ndisanasinthe maganizo: kuti sanali malungo, kuti Wezi ali ndi khunyu, kuti ndinawanamiza zaka zonsezi. Sanaleke n'komwe kusankha fodya.

"Yotamu, waotcha petulo kuchokela kuboma kudzandiuza zimenezi?"

"Munadziwa?"

"Ndinali pomwepo, wayiwala? Malungo ndawaona kuyambila iwe usanabadwe. Tinangoti ophunzila anena, tiwatsutse ndife ndani."

Ndinafunsa ngati anthu ena akudziwa. Anati ndifunse amene sakudziwa, ndiye awelengeke msanga. Kenaka anaika fodya pansi n'kundiuza zimene sindinaziyembekeze. Anati kwa zaka zinayi, ukapita kumudzi, ankakuikila kapu yakoyako, atamangilila kaulusi kofiila pa chogwilila, akuganiza kuti sukuona. Titabwela kuchokela ku Lusaka unapita kumeneko pa holide uli ndi chithunzi cha ubongo wako m'envulopu. Unawakhazika pa mphasa n'kuwaonetsa kadontho kaja. Unatenga kapu yawo, unamwa madzi, n'kuwapatsa kuti amalize.

"Ndinamwa," anatelo, "ndinamaliza onse. Ndafa?"

Anati kenaka unawagoneka pa mphasapo n'kuwaonetsa motembenuzila munthu cham'mbali, ndipo Lachinayi lotsatila anakutengela kwa amayi a kutchalitchi, kumene unagoneka amayi akuluakulu mmodzimmodzi, akuseka, ena akudandaula za misana. Anati chaka chatha mwana wa kutsidya kwa dambo anagwa pachitsime, ndipo amayi awili anamugwila ndi manja awo n'kumugoneka bwino, palibe anathawa. Ndinafunsa chifukwa chake palibe anandiuza. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anila ndili mwana.

"Mwana wako anatipempha. Anati, Adada musawauze kuti ndakamba, nkhaniyi imawapweteka, asiyeni aziganiza kuti akunditeteza."

Ndinabwelela pang'onopang'ono, Wezi, mpaka njinga zakapalasa zinkandipitilila. Zaka zisanu mudzi wonse wakhala ukusunga chinsinsi, ndipo wobisilidwayo ndine. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo unachita zimene ine ndi digili yanga ndinalephela, n'kupezanso njila yondisungila ulemu. Sindidziwa kuti unatengela yani. Ndikuganiza kuti ndi amayi ako.

Panjila ndinayamba kuganiza kuti mwina ayi uja sunalembele a koleji. Unadziwa kuti fomuyo idutsa m'manja mwanga, kuti ndisaina pansi pake. Mwina ndikulakwitsa, mwina nawenso uli ndi mantha akoako a malo atsopano, ndipo ngati ndi choncho palibe chochititsa manyazi. Koma ngati unachonga chifukwa cha ine, leka kundisunga, mwana wanga. Wandisunga mokwanila. Ku Mphamba anthu anaona okha ndi maso awo, iwe n'kuwaphunzitsa chochita. Ku Ndola palibe anaona. Adzadziwa pokhapokha iwe utakamba.

M'envulopu muno upeza kalata ya kuchipatala ndi fomu yatsopano, ndakasindikizitsa kuboma. Pa malo a kholo ndasaina kale, ndipo pa mzele wakuti kholo lili ndi chowonjezela ndalemba ndi dzanja langa kuti mwana wanga ali ndi khunyu, amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo amadziwa za matendawa kuposa ine. Funso lija ndalisiya losachonga. Thupi ndi lako, dzina ndi lako. Fomu yakale nayonso ndaikamo, ndipo ukasankha imeneyo ndisaina, ngakhale ndidzadandaula.

Ndili ndi pempho limodzi. Ulendo wa ku Lusaka ndi wautali, ndipo ukhala tsiku lonse pafupi ndi munthu wosamudziwa. Mawa pa siteshoni, ukakhala pa mpando wako, ndikufuna ndikwele m'basimo ndimuuze munthu ameneyo, iwe uli pomwepo ukumva: uyu ndi mwana wanga Wezi, akupita kukaphunzila udokotala, ali ndi khunyu, zikachitika muchite chakuti ndi chakuti. Sindinanenepo mawu amenewa kwa mlendo. Mwina ndidzasokoneza dongosolo lake, ndipo ndikatelo undikonze pamaso pake, usandimvele chisoni. Ukapanda kufuna, ungondigwila mkono pokwela, ndidzangokuikila chikwama pamwamba n'kutsika.

Amayi ako akuitana kuti ndidzathandize kutseka chikwama, ndiye kuti bulangete lalowa. Mulungu akuyendetse bwino, mwana wanga. Yankho lako ndidzalimva m'basi.

Ndine adada ako,
Yotamu Mtonga